Nthochi za a ku Positi

Amayi anga amathyola tiyi pa esiteti, ndipo positi amaikhulupirira ngati tchalitchi. Mchemwali wanga atabereka ku Lilongwe, amayi anamanga phukusi la matewera ndi zitenje n'kundituma.

"Iwe Yohane, ku positi. Osati kwa anzako a pa siteji aja."

Ku positi ya ku Luchenza ndinapeza mzere, koma ine za mizere ndinazisiya kusukulu limodzi ndi Fomu 2. Ndinafunsa mtengo, ndinafunsa masiku, ndinatuluka. Kondakitala wina, Yusufu, analandira phukusilo pa theka la mtengowo, nati akalikweza basi ku Limbe. Chenji ndinadyera tchipisi, uku ndikudzifunsa kuti likasowa ndiwauza chiyani amayi.

Mawa lake mchemwali anaimba kuti lafika. Amayi anauza aliyense m'munda.

"Mumati positi imachedwa? Tsiku limodzi basi!"

Loweruka anandisenzetsa mkoko wa nthochi.

"Ukawathokoze a ku positi, mwanawe. Anthu okhulupirika asowa masiku ano."

Ndinangoti chabwino, maso ali pansi. Yusufu ndinamupatsa phava limodzi, poti positi yake anali iyeyo. Zotsalazo ndinadya ndekha kuseri kwa siteji. Manyazi ndinali nawo ndithu, koma nthochizo zinali zakupsa bwino.