Belu la Njinga ya Amalume

Pawindo la kuchipinda kwa Amayi pankakhala belu la njinga, lopindika mbali imodzi, ladzimbiri m'mphepete. Ukalikankha ndi chala silinkalira, linkangokhosomola. Ndilo lokha linatsala pa njinga ya Amalume, mlongo wawo wa Amayi, amene ankakhala nafe ku Kawale m'zaka za m'ma 1990, ine ndili kupulayimale.

Amalume ankagwira ntchito ya sizoni pakampani ina ya fodya ku Kanengo. Fodya akayamba kulowa anthu ankalembedwa, akatha ankabwezedwa kunyumba. Chaka chimene ndikunenachi anawalemba mvula itangosiya. Madzulo ankabwera akununkha fodya mpaka m'tsitsi, nyumba yonse n'kuyamba kuyetsemula, ndipo Amayi ankawathamangitsira kubafa asanakhudze mpando.

Kanengo ndi kutali, ndipo minibasi ya tsiku ndi tsiku sinali ya anthu a sizoni. Choncho panali chizolowezi chawo. M'mawa uliwonse a njinga onse, a ku Kawale, ku Biwi ngakhale ku Chilinde, ankadikirirana pamtengo wa mango pafupi ndi chigayo. Palibe ankanyamuka yekha. Wina akaliza belu, ena onse ankayankha, gulu lonse n'kulowa mumsewu nthawi imodzi. Sukulu yathu inali m'njira yomweyo, ndiye Amalume ankandikweza pakaliyala. Ndimakumbukabe chisanu cha mu Juni chikuluma makutu, chitsulo cha kaliyala chikuzizira kupyola yunifomu, matcheni ouma akulira mbali zonse, ndi fungo la mbatata yootcha imene wina ankadya uku akupalasa.

Malole onyamula mabelo a fodya ankatipeza kumbuyo akuliza hutala mwaukali, koma ankachepetsa liwiro n'kutilambalala patali. Amalume ankatembenuka akuseka. "Waona, iwe? Dalaivala saona njinga imodzi. Tikachuluka ndi pamene maso ake amatseguka."

Sindikunena kuti m'gulumo munali mtendere wokhawokha. Ankagundana, kutukwanana, wina kugwera m'ngalande anzake akumuseka. Koma wogwa ankadzuka, kudzisasa fumbi n'kukwera. Aphunzitsi athu ankaona mosiyana. Iwo ankati njinga zachuluka m'tauni ngati ntchentche pamsika wa nsomba, n'chifukwa chake ngozi sizikutha. Ine ndinkawakhulupirira onse awiri, Amalume m'mawa, Aphunzitsi ndikalowa m'kalasi.

Kutayamba kutentha, fodya anatha ndipo anthu a sizoni anauzidwa kuti apume. Pamtengo wa mango panangotsala ana ndi mbuzi. Koma Amalume anali mwa ochepa amene anawasunga kuti azisesa m'nyumba zosungiramo fodya ndi kusoka ziguduli. Amayi analiza nthungululu, anapha nkhuku, anthu oyandikana nafe anabwera kudzawagwira chanza ena mtima ukuwawa. Tonse tinkaona mwayi. Palibe anaganizako zoti munthu amene watsala yekha pantchito watsalanso yekha pamsewu.

Ine ndinazimva m'thupi ndili pakaliyala. Malole omwe aja tsopano ankadutsa pafupi moti mphepo yake inkandikoka malaya. Hutala ikalira, Amalume ankatsikira m'fumbi, njinga ikudumphadumpha pamiyala, kondakitala wa minibasi akutilozera chala ndi kutinena. Amayi atamva anati, "Achimwene, muziyenda m'mbali." Amalume anayankha kuti, "Achemwali, m'mbali mwake ndi momwemo ndikuyendamo. Kupitirira apo ndi m'ngalande." Posakhalitsa anasiya kundinyamula, akuti ndiziyenda wapansi ndi anzanga. Ndinawakwiyira kwambiri, ndinkayesa kuti atopa nane.

Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu wa ku Kanengo, amene ankawadziwa Amalume chifukwa ankagula kwa iye. Anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kumasula kansonga ka chitenje chake. Munali belu lija. Anati lole inawagunda chakumbuyo ndipo sinaime. Anati anthu anakhamukirapo nthawi yomweyo, khwimbi lalikulu kuposa la pamtengo wa mango. Pamene ena ankawakweza m'galimoto yopita kuchipatala, njinga inali itasowa, nsapato zitasowa, ngakhale kontena ya chakudya chawo. Belu analitola iye m'fumbi. Amalume anatisiya asanafike kuchipatala.

Ndakula, ndaona zambiri, koma zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Munthu akupuma movutikira, wina ali kalikiliki kumuvula nsapato. Ndipo mayi uja anati amene anaimirira pamenepo ankangopukusa mitu n'kumati, "Anthu a njingawa samva." Za dalaivala wothawayo panalibe wonena. Ngakhale Aphunzitsi, nditabwerera kusukulu, anaima kutsogolo ndi choko m'manja n'kuti, "Mwamva za bambo wa ku Kawale uja? Ndi zomwe ndimakuuzani, njinga zachulukitsa." Ine ndinali pansi pomwepo, mutu wometa wa pamaliro. Njinga zachulukitsa, chonsecho munthuyo anafa chifukwa pamsewu panali njinga imodzi yokha. Masiku ano ndikamva anthu a m'magalimoto akudandaula kuti a njinga adzaza msewu, ndimangosintha nkhani, chifukwa ndikayankha timayambana.

Koma chimene chimandidya kwambiri ndi tsiku la maliro. Anyamata anakathyola nthambi pamtengo wa mango womwe uja n'kuziyala pamsewu wodutsa kwathu, uku ndi uku, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Anthu a sizoni aja anabwera onse. Akafika pamasambapo ankatsika n'kumakankha njinga zawo, mabelu ali chete. Ine ndinathawa nyimbo za pasiwa n'kukakhala pachulu kuyang'ana msewu.

Galimoto iliyonse inkachepetsa liwiro ikadali patali. Minibasi inazimitsa wailesi, kondakitala n'kubweza mutu m'kati. Kenaka kunabwera lole yaikulu, ya mtundu womwe uja. Inayenda pang'onopang'ono ngati ngolo, ikuzemba nthambi kuti isaziponde, dalaivala atavula chipewa. Hutala sinalire ngakhale kamodzi.

Mtima wanga unadzaza ndi kunyada. Ndinathamangira m'nyumba, kudumpha miyendo ya azimayi amene anakhala pamphasa, n'kukawagwira Amayi paphewa. "Amayi, bwerani mudzaone! Malole akuwaopa Amalume! Onse akuyenda bwinobwino!" Amayi anandiyang'ana, kenaka anakokera chitenje kumaso, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Azimayi ena ananditulutsa mwakachetechete.

Ndinabwerera pachulu paja ndikudabwa kuti ndalakwa chiyani, popeza ndinabweretsa nkhani yabwino. Ndinkaona kuti Amalume apambana, kuti msewu wayamba kuwapatsa ulemu ngakhale ali okha. Nzeru zanga zinali zisanafike pofunsa kuti dalaivala amene akutha kuona tsamba la mango lili pansi, akadali kutali, analephera bwanji kuona munthu wathunthu ali panjinga.