Tsiku Limene Apongozi Anandigwira Phazi

Mpira ndasewera, minda ndalima, mwendo wanga osadandaula. Unadikira tsiku limodzi lokha kuti undiyalutse: tsiku lokaonekera kwa makolo a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndi amalume, omwe anali ankhoswe anga, tinapalasa njinga kuchoka pa boma la Chadiza mpaka ku Zingalume. Ndinavala jekete yobwereka, yakuda bii, thukuta lili kamukamu. Njira yonse amalume ankandilangiza: "Mphwanga, ukafika usawayang'ane kumaso apongozi, usakhale pampando, usaonetse dyera. Pajatu pali mphunzitsi wina amene akumufunanso mwanayu."

Nkhani ya mphunzitsiyo inandisowetsa mtendere. Ndiye titafika, mtsikana uja atabwera ndi madzi, ine chitsiru ndinati, "Zikomo, ndamwa kale." Bodza lenileni! Kukhosi kunali gwa. Amalume anagugudiza makapu awiri.

Ndinanjuta pafupi ndi nkhokwe, maso pansi. Mayi ake a mtsikanayo anakhala chapatali pamphasa akuswa nshawa, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Akuluakulu anayamba zawo: mvula ya chaka chatha, kudula kwa feteleza, ng'ombe ya auje. Ine chinjutire.

Mwadzidzidzi china chake chinandibaya kumbuyo kwa bondo n'kutsikira m'katumba. Katumbayo anauma ngati mango osapsa. Ndinaluma mlomo, ndinapemphera chamumtima, koma aa, zinakanika.

"Mayo ine! Ndafa!"

Ndinagwa chagada, mwendo m'mwamba, nkhuku zili balala. Wina anakuwa kuti njoka, anthu n'kuyamba kusaka ndodo. Amalume anandinong'oneza mwaukali, "Dzuka iwe, ukundichititsa manyazi!" Kenaka anauza anthu kuti mwina ndaponda mankhwala panjira. Ine mumtima ndinati basi, mphunzitsi watenga mkazi.

Amene anadzuka ndi mayi aja, omwe mwambo sunkalola ngakhale kuti tipatsane dzanja. Anaika lichero pansi, anandivula nsapato pamaso pa anthu onse, sokosi yobooka ili poyera, n'kugwira phazi langa n'kukankhira zala chakumaso kwanga. Ndinakuwanso. Pang'ono ndi pang'ono katumba anamasuka.

"Palibe njoka pano, palibenso mankhwala," anatero. "Mnofu wakokana. Bambowa atuluka thukuta mtunda wonsewo, madzi akana, kenaka kunjuta chifikire. Mumati mwendo utani? Ifenso zimatigwira pokumba nshawa." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, usangoima, apatse madzi. Uthiremo kamchere."

Ndinamwa makapu atatu. Mtsikanayo ankadziluma kuti asaseke, mapewa akugwedezeka. Ine kuseka kunalibe. Misozi inalengeza m'maso, osati chifukwa cha mwendo ayi, koma poti ndinkamukonda kwambiri ndipo ndinaona kuti ndadzitayitsa ndekha.

Amalume anayamba kupepesa, akuomba m'manja chapansipansi, akuti kwathu sitichita chonchi, mwanayu sanayambe wateropo. Mayiwo anawadula. Anapukuta manja pachitenje n'kuyang'ana alongo awo, eni mbumba, amene mawu omaliza anali awo.

"Alongo, alandireni. Nzeru zawo n'zochepa, taona tonse. Koma munthu wololera kufa ndi ludzu chifukwa cha mwana wanga, ameneyo sadzamusiya."