Tsiku Limene Mayi Kalimbira Anakana Chimanga

Mayi Vainess Kalimbira akhala ku Scarborough, dera la kumapeto kwa mzinda wa Toronto, zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma mukawafunsa za Toronto adzakuuzani malo atatu okha: nyumba yawo ya pamwamba pa nsanjika, tchalitchi, ndi nyumba yosungira okalamba kumene amagwira ntchito. Kwawo n'ku Ntcheu. Anabwera atagwira padzanja mwana wawo Sandra, wa zaka zinayi, kutsatira amuna awo amene anadzaphunzira ku Hamilton, mzinda wina wapafupi ndi Toronto. Bambowo anamwalira Sandra ali ku sekondale, ndipo kuyambira pamenepo moyo wa mayiwa unangokhala basi ya m'mawa ndi basi ya madzulo. Kuntchito amadyetsa okalamba asanu ndi mmodzi ndi supuni. Amadziwa amene amabisa mpunga m'tsaya ndi amene sameza ngati wailesi ikulira. Anzawo amati sayankhulayankhula, koma palibe chimene chimawadutsa.

Sandra anachoka pakhomo atayamba ntchito m'tauni, ndipo foni yake inayamba kusowa. Lachinayi lina anawaimbira.

"Mum, Lamlungu mubwere kumsika wa Kensington. Ndikufuna muone Owen," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka chija.

"Bwanji osabwera naye kuno? Munthu amadziwikira pakhomo."

"Kumeneko ndiye pakhomo pake. Amagwirako ntchito." Kenaka anatembenukira ku Chingerezi, monga amachitira nkhani ikalimba. Anati akufuna kukwatirana, ndipo ngati amayi ake samufuna mnyamatayo, iwo angopita ku ofesi ya boma ndi anzawo awiri, asayine pepala, basi. Ananena akuseka. Koma Mayi Kalimbira amamudziwa mwana wawo: chimene wanena akuseka ndicho amachita. Ukwati wa mwana mmodzi yekhayo ukanatha kuchitika iwo ali kuntchito, akupukuta munthu pakamwa.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi sanavule n'komwe duku. Anakwera sitima yapansi pa siteshoni ya Kennedy, natsika pa Spadina, nakwera basi yoyenda panjanji. Atalowa mumsewu wa Augusta anaima kaye, poganiza kuti atsika malo olakwika.

Galimoto sizimayenda tsiku limenelo, anthu anali pakati pamsewu. Achinyamata ambiri anali atabereka zikwama zazitali kuposa mitu yawo, nsapato zikulendewera kumbuyo, mphasa zopinda pamwamba. Kwawo munthu wosenza chonchi ndiye kuti akupita kukadikirira matenda kuchipatala, kapena nyumba yapita ndi madzi. Koma awa ankaseka ndi kujambulana. Pamipanda panali zovala zakale, kaunjika weniweni, ndipo azungu ankalimbirana. Galimoto ina inaima m'mbali itadzazidwa dothi, udzu ukumera pamene panayenera kukhala injini. Fungo la chamba linawamenya m'mphuno, iwo nafulumira kuti asapezeke pamalopo, koma apolisi awiri anangodutsa panjinga akucheza. Ng'oma zinkalira kwina, lipenga kwina, nyimbo zosagwirizana. Utsi wa nyama unali ponseponse, ndipo aliyense ankadya ali chiimire, ena akuyenda, ngakhale azimayi a imvi.

"Mum! Mwavala ngati mukupita ku Mvano!" Anali Sandra, atagwira dzanja la mnyamata wamtali.

"Muli bwanji, amayi?" mnyamatayo anatero, akuweramira ndi kugwira chigongono. Mawuwo anachita kuwatulutsa limodzilimodzi ngati akuyala mazira. Owen anabadwira ku Hamilton, makolo ake ndi a ku Chipata, ndipo Chinyanja chake chinathera pomwepo.

Mayi Kalimbira anabwera kudzaona, choncho anamuyang'anadi, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anamufunsa kumene amapemphera, dzina la bambo ake ndi ntchito yake. Iye anafotokoza kuti amagwira panyumba yogona alendo azikwamawa, mmene amagona asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi pamabedi osanjikiza. Masana amawayendetsa mumsewu kuti alawe zakudya, madzulo amawaonetsa mabala amene muli magulu oyimba. Lero anali nawo anayi: atsikana awiri a ku Germany, bambo wa ku Japan ndi mnyamata wa ku Brazil wa ndolo pamphuno.

"Ndiye kuti ntchito yake n'kudya?" mayiwo anafunsa mwana wawo chapansipansi.

"Mum, musayambe."

Anayenda onse pamodzi. Bondo la mayiwa, limene linawonongeka ndi kunyamula okalamba, linayamba kuwaluma chifukwa cha nsapato za kutchalitchi. Anangochepetsa liwiro pang'ono. Sandra sanaone. Koma Owen anaima mwadzidzidzi pa sitolo ya zipatso, nanong'oneza mayi wogulitsayo, natenga kireti, naipukuta ndi kansalu, naiika pamthunzi. Kenaka anatembenukira alendo ake n'kuyamba kuwafotokozera mbiri ya khoma lina la patsidya, khoma losaoneka bwino n'komwe, nkhani yaitali yopanda kumutu. Sanayang'ane bondo lija ngakhale kamodzi. Mayi Kalimbira anakhala pakireti popanda wina kudziwa kuti gulu laima chifukwa cha iwo.

Kuntchito aona ana ambiri obwera kudzazonda makolo, amene amaima pakhomo maso ali pafoni. Aonanso ochepa amene amakoka pilo osauzidwa. Mtima wawo unangoti, uyu ndi mkamwini wanga. Ndipo mawuwo atangokhazikika, maso awo anagwa pansi okha.

Kwawo mkamwini sayang'anidwa kumaso. Mpongozi sayankhula naye maso ndi maso, ndipo koposa zonse sadya iye akuona. Si chidani ayi, ndi ulemu waukulu umene mayi angapatse mwamuna wa mwana wake. Mayi Kalimbira sanachite kuganiza kuti atero. Thupi lawo linangokumbuka.

Nthawi yomweyo Owen anabwera ndi chimanga chootcha, chopakidwa tchizi, tsabola ndi ndimu, chobayidwa pakamtengo. Anati chimenechi anachita kukonzeratu dzulo ndi wogulitsa wake, chifukwa Sandra anamuuza kuti amayi ake amakonda chimanga. Anachipereka ndi manja awiri.

Mayiwo anapendekera kumbali, manja atabisa pansi pa chikwama. "Sandra, uwauze abambowo kuti ndathokoza."

Sandra anakwinya nkhope. "Ali pompano. Muuzeni nokha. Landirani."

"Ndathokoza kwambiri."

Owen anaseka pang'ono, nati mwina tsabola wachuluka. Anathamanga, nabwera ndi nkhuku yootcha ya ku Jamaica. Mayiwo anatembenukira kwambiri kukhoma. Anabweranso ndi tinthu tonga samusa, kenaka mandasi aatali owaza shuga. M'mimba mwa mayiwa munali tiyi wa m'mawa yekha, ndipo fungo la nkhukuyo linawapweteka mpaka m'makutu. Chimene sankamvetsa n'chakuti mnyamata waulemu chonchi angaumirire bwanji. Kodi makolo ake sanamuuze? Kapena akuwayesa? Iwo amupatsa ulemu wonse pamaso pa alendo, iye akungobwerabe ndi mbale.

Kenaka Owen anagwada patsogolo pawo kuti awaone kumaso, nafunsa ngati wawalakwira. Mayiwo anadzidzimuka, nakokera duku kumaso. Mtsikana mmodzi wa ku Germany anafunsa mwaulemu ngati akusala kudya. Bambo wa ku Japan anawerama, osadziwa kuti akuweramira chiyani. Owen anaimirira pang'onopang'ono, mbale zinayi zili m'manja, nkhope itagwa.

"Tiyeni," Sandra anatero, nakokera amayi ake m'kanjira ka pakati pa nyumba, kamene makoma ake anajambulidwa nsomba zamapiko. Maso ake anali atafiira. "Mukanangonena pafoni kuti simukumufuna. Mwabwera ulendo wonsewu kuti mudzamuchititse manyazi pamaso pa makasitomala ake?"

"Manyazi? Ine?"

"Poyamba mumayankhula naye bwinobwino. Kenaka mwangozima ngati firiji. Sabata yonse wakhala akukonzekera, Mum. Moni uja waphunzira masiku atatu!"

"Nanga ine ndalakwa chiyani? Ndakhala bwanji pamene paja? Sunaone mmene ndinakhalira?"

"Ndinaona! Davies uja, chibwenzi changa chakale, mumadya naye patebulo, mumamuikira ndi nthutumba yomwe. Uyu ngakhale kumuyang'ana ayi."

"Davies anali ndani kwa ine? Mlendo wongodutsa. Ndikanadya naye ngakhale m'mbale imodzi."

Mayi Kalimbira anamuyang'ana mwana wawo, ndipo ndi pamene chinawafikira. Anamuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kupatsa moni akulu. Koma za ulemu wa kwa mkamwini sanamuphunzitse, chifukwa ndi chinthu chimene mwana amangochiona kwa amayi ake ndi agogo ake, ndipo m'nyumba ya pansanjika munalibe woti achionerepo. Tsopano anayenera kuchinena ndi pakamwa, m'kanjira konunkha mowa, gitala akulira kuseri kwa khoma.

"Munthu sudya pamaso pa mkamwini," anatero akuyang'ana nsapato zawo.

"Mkamwini ndi chiyani?"

"Mwamuna wako, iwe! Ukufuna ndichite kukuwa?"

Milomo ya Sandra inkayenda, akumasulira mumtima mwake. "Ndiye kuti... simukudya chifukwa mwamulola?"

"Ndikanamukana bwenzi nkhuku ija nditamaliza kalekale."

"Mum, zimenezi n'zozondoka!"

"Zozondoka ndi galimoto yomera udzu ija."

Sandra anaseka, misozi ikutsika, nafunsa ngati ali ndi njala. Mayiwo anati atsala pang'ono kukomoka. Sandra anathamangira kumsewu. Mayi Kalimbira anasuzumira, naona akufotokozera Owen ndi manja onse. Owen anafunsa kawiri. Kenaka anagwira kumutu, napereka mbale zonse kwa Sandra, nawoloka msewu, nakaima patsidya atafulatira, chilili ngati msilikali. Alendo ake anayang'anana. Poganiza kuti ndi gawo la ulendo, anamutsatira, nafulatira nawo onse anayi, zikwama zitaloza kukanjira kaja. Wa ku Brazil anakweza foni kuti adzijambule.

"Nanga enawo akutani?" mayiwo anafunsa Sandra atabwerera.

"Sindikudziwa, Mum. Ingodyani."

Kudya chiimire kunawakanika, choncho anakhala pasitepe ya khomo lotseka, nayang'ana kukhoma, naluma chimanga. Chinali chitazizira. Chinali chowawasa, chamchere, choyabwa, ndipo chimanga chenichenicho chinkamveka patali ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje. Sanadziwe ngati chikukoma kapena ayi, koma analumanso. Magetsi a m'mabala anayamba kuyaka, ndipo azikwama ena atsopano ankalowabe mumsewu.

"Ndiye azifulatira chonchi mpaka liti?" Sandra anafunsa atakhala pambali pawo. "Pa Khrisimasi azidyera m'galimoto?"

"Zili ndi njira yake. Tidzakambirana ankhoswe akabwera."

"Ankhoswe ndi ndani?"

Mayi Kalimbira anasiya kutafuna. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, tchizi chili pamlomo.

"Lero ukagona kwathu ku Scarborough," anatero. "Uwauze abambowo akatiperekeze pokwerera. Koma aziyenda patsogolo."

Sandra anaimirira, nadzisasa fumbi, nakuwa dzina la Owen. Anthu asanu anatembenuka.