Chitedze cha Akulu a Koleji

Chikombole chija chidakalipo, ndimachisunga pamwamba pa kabati. N'cha mabowo awiri, ndipo zogwirira zake zinasalala ndi manja a agogo, bambo awo a amayi. Ndi chimenecho anaumbira njerwa za koleji ya aphunzitsi imene amishoni anamanga kutsidya kwa dambo lathu.

Chilimwe chimene ndinali sitandade 4, kolejiyo inachita chikondwerero chokumbukira kuyambika kwake. Amayi atamva kuti kudzaonetsedwa zinthu zakale, anachitsuka chikombolecho, kuchipaka mafuta a nsatsi, n'kuchikulunga m'chitenje chatsopano cha ku Nsaru.

Pageti tinakumana ndi akulu a koleji, atsopano, atavala mkanjo wakuda. Anasuzumira m'chitenjemo.

"Mayi, nkhuni zimalowera kukhitchini."

Amayi anagwada pafumbi. "Si nkhuni, bambo. Chimenechi n'chimene chinamanga pano."

"Lero n'la oitanidwa okha."

Tinaima kunja kwa mpanda, dzuwa likuswa mtengo, tikumvera pa chokuzira mawu. Anawerenga mbiri yonse: ansembe oyamba, cholinga chophunzitsa ana a alimi osauka, mayina a atsogoleri mmodzimmodzi. Oumba njerwa sanatchulidwe. Tinabwerera kunyumba, fumbi lili mbuu m'maondo mwa amayi.

Ambuye andikhululukire, ndinadana naye munthu wa mkanjo wakuda uja. Ndinapita kudambo, n'kupalira ubweya wa chitedze m'kabokosi ka machesi. Malume ankasesa ndi kuyala mipando m'tchalitchi cha pakoleji, choncho ndinkaudziwa mpando wa akuluwo, wansalu yofiira. Ndinapemphera kolona yathunthu kuti Lamulungu adzakande mpaka kutuluka magazi, pamaso pa anthu onse. Ndimachita manyazi kunena, koma sindinapempherepo ndi mtima wonse ngati sabata imeneyo.

Zala zanga ndizo zinandiulula. Loweruka amayi anandiona ndikukanda, anandisecha, n'kukapeza kabokosiko m'thumba la diresi.

"Iwe, woyala mipando ndani? Ukufuna malume ako achotsedwe ntchito, eti?"

Anakaponya pamoto. Kenako anati, "Ameneyo tidzamubwezera, koma osati ndi zoyabwa za tsiku limodzi."

Ndinadikira, osaona kanthu. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 8. Nditabereka mwana wamkazi, amayi ndiwo ankamuperekeza kusukulu, mvula kaya dzuwa. Mulungu ndi wabwino, mwanayo anakalowa pageti lomwe lija. Tsiku lolandira satifiketi yake, amayi anakhala mzere wakutsogolo, chikombole chili pamiyendo, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza dzina la agogo. Akulu aja anali atachoka kalekale, koma pageti amayi anaimabe, n'kusasa m'maondo.

Loweruka lija, ndikuyang'ana kabokosi kanga kakupsa, ndinalira poganiza kuti amayi ndi amantha. Sindinkadziwa kuti iwo anakwiya kuposa ine, ndipo kuti anali atangoyamba kumene.