Laita ya Atate Pamphepete pa Mbaula

Ndikukumbukira dera lathu la Kabwata m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene machesi ankasowa m'masitolo ngati sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja. Mumzere wathu wa nyumba, ife tokha tinali ndi laita ya gasi, yasiliva, yolemera m'dzanja. Atate, omwe ankayendetsa lole ya ku Ndola, sankasuta. Laitayo anawasiyira ndi mkulu wawo pomwalira. Akamapita ku ulendo ankaipereka kwa amayi ndi manja awiri. M'mawa uliwonse amayi ankakolezera mbaula, ndipo azimayi oyandikana nafe ankabwera ndi tizidutswa ta malata kudzapala moto.

Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali nditawerenga theka la buku la sayansi limene ndinatola litang'ambika pakati. Theka limenelo linandikwanira kudziyesa injiniya. Lachinayi lina ndinatenga laita ija mobisa, n'kuiponya m'thumba la kabudula momwe munali makoko a mtedza. Ndinakaonetsa anzanga, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa, mpaka inakana. Kagudumu kankatulutsa nthethe, koma lawi ayi. Nditaiika kukhutu ndinamva ikulira chapansipansi ngati kanjoka.

Atate ankabwera Loweruka. Buku lija linkati gasi akatenthedwa amafufuma, ndiye ndinagamula kuti laita yazizidwa basi. Ndinaikhazika pamphepete pa mbaula yoyaka kuti iwothe. Amayi atangoiona anaikankha ndi mthiko, n'kugwera kutali pafumbi, ine n'kundikokera kumbuyo kwawo. Sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mkwapulo.

M'mawa mwake amayi ndiwo anatuluka ndi kachidutswa ka lata kukapala moto kwa anzawo. Pobwera anati, "Waononga ndiwe, ukakonzetsa ndiwe. Ba Mwansa ukawauze zonse."

Ba Mwansa anali bambo wa ku Luapula wokonza mawotchi ndi malaita pakatebulo pafupi ndi msika wa Soweto. Nsidze ya kumanja analibe. Nditafotokoza za mbaula, analoza posalala pamene panapsa nsidzeyo.

"Shani, bwanji, ba injiniya? Naine nenze wanzelu monga iwe. Ona apa, siinamele futi."

Anasunthira katebulo kutali ndi mayi wowotcha chimanga, n'kumiza laita m'kapu ya madzi. Timathovu tinatuluka kunsi kwake motsatizana ngati mikanda. Ndinangoti kukamwa yasa: mpweya wosaoneka uja, uwo ukuoneka! Anadina kabowo kothirira gasi mpaka yense anatha, n'kutulutsamo kamphira kozungulira, kochepa ngati njere ya mapira. Kanali kong'aluka, ndiye anaikamo kena. Pakamwa pa laita anatokosapo ndi singano kakhoko ka mtedza, n'kundionetsa.

Kenako anaizondotsa laita, n'kudinikiza chitini cha gasi pakabowo kaja. Kadontho kanathawa n'kundigwera pachala. Ndinalumpha poyesa ndapsa, koma ayi, kunali kuzizira, kuzizira koposa madzi a pampopi m'mawa wa mu Juni. Chala chinatuwa kanthawi, kadonthoko n'kuzimiririka ndikuona. Moti moto wonse wa mzere wathu, wophikira mabanja onse aja, unkagona m'timadzi tozizira chonchi? Theka langa la buku silinanene zimenezo.

Ndinapempha kuti ayatse pomwepo.

"Lindila, iwe. Gasi ikali pamanja. Moto sufuna munthu wothamanga."

Tinadikira, iwo akukukuta chimanga, ine maso ali palaita. Laita itauma, anachepetsa kokulitsira lawi, n'kundipatsa, n'kunditambasulitsa mkono kutali ndi nkhope. Ndinagudubuza kagudumu. Lawi linaimirira phee, labuluu pansi, lachikasu pamwamba, laling'ono ngati njere ya dzungu. Ndinaopa ngakhale kupuma.

Loweruka ndinaulula ndekha. Atate anayatsa laita ya mkulu wawo, n'kuyang'ana lawi nthawi yaitali. Kenako anandisisita nsidze zonse ziwiri ndi chala chachikulu.

"Zilipo," anatero. "Basi."

Masiku ano malaita ndi apulasitiki, akakana amatayidwa m'ngalande, ndipo sindionanso munthu akudutsa ndi makala oyaka pakachidutswa ka lata. Ya atate ili m'kabati mwanga kuno ku Chelstone, ndipo ndisanaiyatse ndimayamba ndaiika kukhutu. Mabuku ndawerenga ambiri, ena mpaka kumapeto. Koma theka losowa la buku lija ndinaliwerenga pankhope ya ba Mwansa.