Chitseko chimene ndinabisa pansi pa bedi

Bambo anga anali ocheka matabwa m'phiri. Anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, alibe munda, alibe mbale, chuma chawo chili mapewa basi. Pamene akhristu a kuno ku Nkhulambe ankamanga tchalitchi chawo choyamba cha njerwa zootcha, iwo analibe choti asonkhe. Anatsitsa pamutu matabwa asanu a mkungudza, n'kukhoma chitseko. Ine ndinali ndisanabadwe, koma ndinakula ndikuchidziwa chitsekocho ngati mkulu wanga. Mvula ikagwa chinkanunkhira mpaka pabwalo. Ukachikankha chinkalira, moti wochedwa mapemphero sankalowa mobisa.

Tchalitchi chatsopano chitamangidwa kufupi ndi msewu, chakalecho tinachisiya. Zaka zimene zipani zinachuluka, anthu anamva kuti ufulu wafika, ndipo ena anaumva ndi manja. Malata anayamba kuchoka limodzilimodzi, kenako mawindo. Ndinkadutsa pamenepo popita kumunda wa nandolo, ndikuona zimene zatsala. Akubawo ndinkawadziwa, ena tinkaimba nawo kwaya, koma ine pakamwa panga ndimapasunga.

Tsiku lina mudzi wonse unakwera lole kupita kumsonkhano wa chipani ku Migowi, kumene ankati kukagawidwa nsalu. Ine ndinati mwendo ukundipweteka. Dzuwa lili pamutu ndinakazula mahinjesi ndi kachitsulo, ndipo ine ndi mwana wanga wamkazi tinachisenza chitseko kudzera m'chinangwa.

"Amayi, kodi si kuba kumeneku?" anandifunsa ali wefuwefu kumbuyo kwanga.

"Kuba n'kutenga cha eni. Amenewa ndi agogo ako. Tiye."

Tinachigoneka pansi pa bedi langa, n'kuchifunditsa masaka. Ngakhale adzukulu anga sindinawauze. Mwana ndi wailesi.

Patapita zaka, ana a m'mudzi muno amene ankagwira ntchito ku Blantyre anati tchalitchi chakale chisagwe, n'chimene chinawaphunzitsa kuwerenga. Anatumiza thandizo, ifenso tinachita pepala Sande, abambo anaumba njerwa, amayi tinatunga madzi. Anasankha komiti. Ine makomiti ndawaona ambiri, a chitsime, a mlatho, a chigayo. Onse ankayamba ndi pemphero n'kuthera pa njinga yatsopano ya wapampando.

Mkulu wa mpingo analengeza kuti amene ali ndi kanthu ka tchalitchi chakale abweze, mlandu palibe. Mabenchi awiri anabwerera, mawindo atatu. Kenako mkuluyo anafika pakhomo panga, nakhala pakhonde chipewa chili pabondo.

"Agogo, inu maso anu sagona. Chitseko chija simunamveko kumene chinalowera?"

"Munandilemba ulonda ine?"

"Ayi, koma ntchentche ikadutsa pano mumadziwa kwawo."

"Kafunseni amene anafolera makhitchini awo ndi malata a Mulungu."

Anaseka. Kunali kutawaza mvula m'mawa umenewo. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kuchipinda kwanga, kumene kunkachokera fungo la mkungudza.

"Mmisiri akuti adikira mpaka nandolo aume," anatero akuvala chipewa. "Zikapitirira apo, tigula chachitsulo."

Ndinkafuna kuchibweza, ndisanamize Mulungu. Ndinkadziona m'maganizo nditaima pakhomo paja, ndikuuza adzukulu kuti manja a agogo awo aakulu anadutsa apa. Koma ndinati ndiyambe ndawagwira anthu amenewa. Tsiku lililonse ndinkakhala pansi pa mango moyang'anana ndi tchalitchi, ndikusenda chinangwa, diso lili pa matumba a simenti. Ndinkati likangosowa limodzi, ndidziwa kuti ndinachita bwino kubisa. Silinasowe. Anafolera, ndinati ndione kaye ngati malatawo atha mwezi. Anatha. Ndinati ndione ngati aika mlonda.

"Amayi, mukudikira kuti anthu amere mapiko?" anatero mwana wanga. "Nandolo wayamba kuthetheka m'munda."

"Iwe sudziwa anthu."

"Inu mumawadziwa kwambiri, ndiye vuto lake."

Tinakolola nandolo, tinamenya, mavenda a ku Migowi anabwera ndi masikelo awo. Sabata lomwelo ngolo inabweretsa chitseko chachitsulo, chopaka utoto wobiriwira. Tsiku lotsegulira kunali nyimbo ndi nthungululu. Ine ndinakhala kumbuyo, ndikudziuza kuti chitsulo chimachita dzimbiri, tsiku lina adzachichotsa, changa chidzabwerera m'malo mwake.

Lolemba ndinakoka masaka aja, ndinayeza chitseko changa ndi luzi, n'kumanga mfundo pothera pake. Ndinapita kutchalitchi anthu ali kuminda. Mmisiri anali atawonjezera njerwa mbali zonse ziwiri kuti felemu yatsopano ikwane. Nditatambasula luzi pakhomopo, linapitirira ndi chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri.

Mkulu wa mpingo uja anatulukira kuseri atanyamula tsache. Anayang'ana luzi, anayang'ana ine.

"Simenti inauma kale, agogo," anatero motsitsa mawu. "Tinakudikirani masabata awiri owonjezera."

Ndinapinda luzi langa, ndinalowa n'kukhala pa benchi. Makoma anali oyera, mawindo onse m'malo mwake, denga losadontha. Aliyense amene anamanga nyumba imeneyi anali atabwereramo, kupatula bambo anga.