Limbani ndi Bafa la Ayezi

Chizindikiro choyamba chinali juzi. Lachiwiri masana, dzuwa la kumapeto kwa Ogasiti likuswa mtengo, ndinapeza mlongo wanga Limbani pakhonde pathu ku Chawama atavala juzi yanga, akunjenjemera. Munthu woti ntchito yake ndi yothamanga pa madzi oundana, n'kumamva kuzizira ku Lusaka!

Limbani anachoka kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, azakhali atamutengera ku Canada. Kumeneko anaphunzira hoke ya pa ayezi. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, n'kumalimbirana kampira kophwatalala ndi ndodo, uku akuwombana ndi anzake ngati nkhosa zamphongo. Ndiyo ntchito imene amadyera, ndipo mano awiri akutsogolo anawasiya komweko.

Anabwera kudzaika mwala pamanda a amayi ku Nyimba. Mapiritsi oteteza malungo amene dokotala wa timu anamupatsa sanawatulutse m'chikwama. Neti anakana. "Ba sisi, nabadwira mu Chawama ine, udzudzu unidziba," anatero. Ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Lachitatu mutu unayamba, msana, kusanza. Ndinati tiyeni kukiliniki, iye ayi, n'kutopa chabe. Ndinadziwa chimene amaopa. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti timu iyese osewera onse, iye ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, achinyamata akudikirira malo ake. Kwawoko ati wosewera sanena kuti pakuwawa. Amamanga bandeji n'kubwerera m'bwalo. Tsiku lonselo sanakhale pansi. Kulowa, kutuluka, kuyesa kuthamanga mpaka pamsika, kubwera atagwira mipanda ya anthu. Inenso mashini anga osokera anangokhala, ulusi ukundikana kulowa m'singano.

Lachinayi m'mawa ndinapita kukapereka madiresi. Pobwera ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala m'bafa langa lochapira, lodzaza ndi mabuloko a ayezi amene anakatenga kwa mayi wogulitsa nsomba pafupi nafe. Ati ndimo amachitira akatha masewera, thupi likaphwanya. Milomo inali itayera, maso achikasu. Ndinamukalipira, iye n'kumandiyankha m'Chingerezi chokhachokha, akunditchula kuti amayi. Apo ndiye mantha anandigwira. Aneba awiri anandithandiza kumunyamula mpaka pa takisi.

Kukiliniki anamubaya chala, ndipo pasanapite nthawi nesi anati ndi malungo aakulu, tipite kuchipatala chachikulu msanga. Kumeneko anamuika diripi ndi jakisoni wa mumtsempha. Mkodzo wake unali ngati tiyi wopanda mkaka. Masiku atatu ndinkangozungulira pakati pa benchi ndi chitseko cha wodi, kudikira nthawi yoona odwala, kudikira zotsatira za magazi, kubwerera ndi phala losadyedwa. Nesi wina wachikulire anandiuza kuti, "Ba mayo, wochoka kudala thupi imaibala malungo. Aba ni mlendo manje." Ankatanthauza kuti thupi la munthu amene anachoka kalekale limaiwala malungo.

Lamlungu anatsegula maso bwinobwino n'kupempha nthochi. Ndinalira, osabisa.

Koma nkhani inali isanathe. Lolemba dokotala anamusindikiza pansi pa nthiti kumanzere, Limbani n'kudumpha. Kapamba anali atatupa. Dokotala atamva mtundu wa masewerawo anapukusa mutu. Anati milungu isanu ndi umodzi osawombana ndi munthu, chifukwa kapambayo akaphulika magazi amatayikira m'kati, ndipo ena safika n'kuchipatala komwe.

Titabwerera kunyumba anayambiranso kuyendayenda, tikiti ya ndege ili m'manja. Anati akapita sakanena kanthu, aphunzitsi a timu sangaone kapamba ndi maso. Anandipempha kuti azakhali akaimba foni ndingoti chinali chimfine. Ine pakamwa sindisunga mawu. Ndinati, "Limbani, chaka chino ndaika mwala umodzi. Wachiwiri, wa pamanda ako, ukaike wekha."

Kenaka anatenga foni n'kukawauza zoona aphunzitsi aja ali kuseri, pafupi ndi bafa lomwe lija. Malo ake anaperekedwa kwa mnyamata wina sabata yomweyo. Masiku awiri sanandilankhule.

Lero ali bwino. Anapimidwanso, kapamba anaphwa, ndipo akusewera m'timu yaing'ono, m'tauni ina yozizira imene dzina lake limandipinda lilime. Amadandaula, inde, koma amadandaula ndi pakamwa pake.

Inu amene muli ndi abale obwera kuchokera kunja, musaseke nawo akamakana neti ndi mapiritsi. Thupi likatentha, kukiliniki tsiku lomwelo, ngakhale munthuyo akhale wamphamvu chotani. Ife tinachedwa masiku awiri, Limbani n'kutaya malo amene anawavutikira kuyambira ali mwana. Koma ku Nyimba mwala udakali umodzi.